Mpira si moto, tisiye kuphunzitsa ana kubutsa

Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa bwalo la mpira la pasukulu ya pulaimale Loweruka masana, kaya ndi kwa Jenda, ku Mponela, ku Lunzu kapena ku Mwanza, akuwadziwa mawu amene amamveka kwambiri pamalopo. Mpira ukangofika kuphazi kwa mnyamata wotchinga kumbuyo, khamu lonse limakuwa pamodzi: "Chotsa! Butsa! Kutsogolo!"

Mwanayo, ndi mantha, amatsinzina n'kuumenya mpirawo ndi mphamvu zake zonse. Ukakagwera m'munda mwa chinangwa kuseri kwa bwalo, anthu amaomba m'manja ngati wachita chamuna. Pasadathe mphindi imodzi mpira uja umakhala wabwerera komwe udachokera, ndipo kukuwa kumayambiranso. Masewero amatha anyamata 22 atathamanga ngati akuthawa njuchi, malaya ali chonyowa ndi thukuta, koma palibe timu yomwe yapatsirana mpira kasanu motsatizana.

Tikufuna tinene mosapsatira kuti khalidwe limeneli ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikubweza m'mbuyo mpira wa dziko lino. Olakwa si ana ayi. Olakwa ndife akuluakulu, makolo, aphunzitsi a zamasewero, makochi a m'makwalala ndi ife ochemerera, amene timaphunzitsa mwana kuyambira ali wamng'ono kuti mpira ndi khala lamoto loyenera kutaya msanga lisadakuotche.

Mtengo wa maphunziro oterewa timaulipira pamaso pa Africa yense.

Tikumbukire za pa 25 January 2022 ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon. Flames idali itafika ndime ya matimu 16 mu mpikisano wa Africa Cup of Nations kwa nthawi yoyamba, itagonjetsa Zimbabwe 2-1 komanso italepherana mphamvu ndi Senegal, yomwe pamapeto pake idatenga chikhocho. Pamphindi 7 zokha, Gabadinho Mhango adaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pang'ono pagolo, ndipo adaponya mpira kuchokera kutali kwambiri umene udakathera muukonde. M'mavidiyo sho ndi m'mabala m'dziko lonse lino anthu adagwetsa mabenchi ndi chimwemwe.

Chigoli chija chidali cha nzeru. Mhango adadzutsa mutu, adaona, adaganiza, kenaka adamenya. Koma chimene chidatsatira ndi chimene tikudandaula nacho. Kunali kutatsala mphindi zoposa 80, ndipo pafupifupi nthawi yonseyo mpira udali kumapazi a Morocco. Anyamata athu ankaulanda molimba mtima, koma akaulanda unkangokhala nawo kanthawi kochepa n'kubwerera kwa eni ake. Goloboyi Charles Thom adagwira ntchito ya anthu atatu. Komabe khomo limene likugogodedwa mosalekeza limatseguka ndithu: Youssef En-Nesyri adabweza chigoli chigawo choyamba chikutha, ndipo Achraf Hakimi adamwetsa chachiwiri pa fulikiki pamphindi 70.

Palibe amene anganyoze anyamata amene aja. Adatinyaditsa, ndipo Morocco idali timu yaikulu kuposa yathu. Mario Marinica wa ku Romania, amene ankatsogolera timuyi panthawiyo, ankakhulupirira mpira wothamanga, wofika kutsogolo msanga, ndipo njira imeneyo idatifikitsa pomwe tidali tisadafikepo. Koma funso likadalipo: timu imene ikutsogola 1-0 ikadakhala ndi osewera atatu kapena anayi otha kuukhazika mpira pansi, kupatsirana kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kupumitsa otchinga kumbuyo ndi kuziziritsa Morocco, kodi nkhani ikadatha chimodzimodzi?

Zaka 12 m'mbuyo mwake, ku Angola, tidaphunzira zomwezi mwa njira ina. Mu January 2010 Flames ya Kinnah Phiri idadabwitsa dziko lapansi pothibula Algeria 3-0, ndi zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Itagonja kwa Angola 2-0, idakumana ndi Mali ku Cabinda, ndipo monga momwe zotsatira zidathera m'gululo, kufanana mphamvu kokha kukadatipititsa ndime ya makotafainolo. Koma mphindi yoyamba isadathe, mpira wochotsedwa mwaphuma kumbuyo udagwera Frédéric Kanouté, amene adaubweza muukonde. Pofika mphindi yachitatu Seydou Keita adali atamwetsa chachiwiri. Tidagonja 3-1 n'kulongedza zikwama. Ntchito ya zaka ziwiri idatayika m'mphindi zitatu za kusakhazikika mtima.

Chaka chomwecho cha 2010, kuno kummwera kwa Africa, dziko lapansi lidaona mbali inayo ya nkhaniyi. Spain idatenga World Cup ku South Africa itamwetsa zigoli 8 zokha m'masewero 7. Idayamba n'kugonja kwa Switzerland 1-0, ndipo kwawo anthu adayamba kulalata kuti kupatsirana kwachuluka, zigoli kulibe. Kochi Vicente del Bosque sadasinthe maganizo. Kuyambira ndime ya matimu 16 mpaka fainolo, Spain idapambana 1-0 kanayi motsatizana: Portugal, Paraguay, Germany, kenaka Netherlands. M'mpikisano wonsewo idachinyidwa zigoli ziwiri zokha.

Anthu ambiri amaganiza kuti kusunga mpira ndi njira yofunira zigoli basi. Spain idaonetsa kuti ndi njira yotetezeranso golo. Mdani amene alibe mpira sangakuchinye. Ndipo amene akuthamangitsa mpira amatopa msanga kuposa amene ali nawo, chifukwa mpira suchita wefuwefu. Ife amene timasewera masana dzuwa la October lili pamutu tikadayenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi.

Amene adaonera fainolo ya pa 11 July 2010 ku Soccer City mu Johannesburg akukumbukira momwe Netherlands idasankhira nkhanza. Nigel de Jong adaponda Xabi Alonso pachifuwa ndi nsapato, woimbira Howard Webb adatulutsa makadi achikasu mpaka kutopa, ndipo John Heitinga adatulutsidwa m'nthawi yoonjezera. Pamphindi 116, miyendo ya aliyense italema, Cesc Fàbregas adampatsira Andrés Iniesta mpira m'bokosi. Wosewera wamba akadaumenya nthawi yomweyo ndi mantha. Iniesta adaukhudza kamodzi, adaudikira kuti utsike pamlingo womwe ankafuna, kenaka adaumenya. Kudikira kumene kuja sikudakwane ndi sekondi imodzi yomwe, koma m'menemo mudali maphunziro a zaka zoposa khumi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe munthu amene tikufuna makolo ndi makochi athu amuganizire bwino si Iniesta kapena Xavi. Ndi Sergio Busquets, wosewera amene ambiri m'mavidiyo sho ankamudutsa ndi maso. Sadali wothamanga. Sadali wanjomba zoimitsa anthu pamipando. M'masewero 143 amene adasewerera Spain adamwetsa zigoli ziwiri zokha. Tikadakhala ife, mnyamata wotere tikadamuuza kuti akayese zina. Koma chaka cha 2008 Pep Guardiola adamutenga kutimu yachiwiri ya Barcelona n'kumuika pakati pa timu yaikulu, ndipo patangotha zaka ziwiri adali atapambana Champions League ndi World Cup. Spain itagonja kwa Switzerland ndipo atolankhani ataloza chala Busquets, Del Bosque adawayankha kuti iye akadakhala wosewera akadafuna kufanana ndi mnyamatayo.

Kodi ankachita chiyani chodabwitsa? Zinthu zing'onozing'ono, zomwe mwana wa Sitandade 5 angathe kuyamba kuphunzira mawa.

Mpira usadamufike, ankatembenuza khosi kuyang'ana kumbuyo ndi m'mbali, kawiri kapena katatu. Pofika mpirawo adali akudziwa kale komwe kuli mdani, komwe kuli mnzake, ndi komwe kuli mpata. Katswiri wina wa ku Norway, Geir Jordet, wakhala akufufuza khalidwe limeneli kwa zaka zambiri poonera osewera a m'maligi akuluakulu, ndipo adapeza kuti amene amayang'anayang'ana kwambiri asadalandire mpira ndi amenenso amapatsira anzawo molondola kawirikawiri. Mwana wathu amayang'ana mpira wokha, kuyambira pomwe wachoka kuphazi kwa mnzake mpaka wamufika. Akamadzutsa mutu, mdani ali kale pakhosi, ndipo chomwe chatsala n'kubutsa.

Chachiwiri ndi kaimidwe. Busquets sankalandira mpira atafulatira komwe timu yake ikupita. Ankaima chammbali, kuti diso limodzi lione amene akumupatsira, linalo lione bwalo lonse, ndipo ankaulandira ndi phazi lakutali kuti kukhudza koyamba kumutengere kumalo kopanda anthu. Kukhudza koyamba kumeneku ndiye mutu wa nkhani. Mpira ukadumpha mita imodzi kuchoka kuphazi, nthawi yoganiza yatha. Ukakhazikika pomwe ukufuna, wagula sekondi yathunthu, ndipo pampira sekondi ndi chuma.

Chachitatu chimafuna mtima. Iye ankatha kuima ndi mpira dala, kudikira kuti mdani abwere. Mdani akangosiya malo ake n'kumuthamangira, kumbuyo kwake kumatsala mpata, ndipo mpira unkadutsa pomwepo kupita kwa Xavi, Iniesta kapena Lionel Messi. Amene amasewera bawo pansi pa mtengo kumsika akumvetsa zimene tikunena. Katswiri wa bawo satola nkhomo m'dzenje loyamba lomwe laoneka lonona. Amawerenga kaye, amaona komwe dzanja likathere, nthawi zina amasiya dala zochepa kuti adzadye zambiri. Nzeru imeneyi tili nayo kale m'dziko muno, koma tikafika pabwalo la mpira timaisiya pageti.

(Sitikunena kuti Busquets adali mngelo. Masapota a Inter Milan sadzaiwala momwe adagwera pansi chaka cha 2010 atagwira kumaso, uku akusuzumira pakati pa zala kuti aone ngati Thiago Motta wapatsidwa kadi yofiira. Zimenezo ana athu asatengere.)

Luso lonseli silidagwe kumwamba. Johan Cruyff wa ku Netherlands, amene adaphunzitsa Barcelona kuyambira 1988 mpaka 1996, adalimbikira kuti matimu onse a kalabuyo, kuyambira a tiana, azisewera mofanana. Chida chake chachikulu chidali kasewero kotchedwa rondo. Osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi amaima mozungulira, awiri amalowa pakati. Akunja amapatsirana, apakati amayesa kulanda, ndipo wotayitsa mpira amalowa pakati. Basi. Sipafunika golo, sipafunika jezi, sipafunika nsapato. Malo okwanira kuyanika mkeka wa ufa kanayi ndi okwanira. Xavi, Iniesta ndi Busquets adachita zimenezi tsiku ndi tsiku ali achinyamata kusukulu yampira ya La Masia. Chaka cha 2010 osewera atatu amene adatsogola pamphotho ya Ballon d'Or, Messi, Iniesta ndi Xavi, onse adali ochokera kusukulu imodzi yomweyo.

Tionenso matupi awo. Xavi ndi Messi ndi a msinkhu wa masentimita 170, Iniesta amawaposa ndi sentimita imodzi. Awa ndi matupi ngati a anyamata amene timakumana nawo tsiku lililonse akupalasa kabaza. Amalawi ambiri si ataliatali, ndipo tikamaponya mipira yam'mwamba polimbana ndi zimphona za ku Senegal, Mali kapena Ivory Coast timakhala tikuwapatsa mphatso. Mulungu adatipatsa matupi oyenera mpira wapansi, koma ife taumirira mpira wa anthu ena.

Tikudziwa kuti ena atitsutsa, ndipo mfundo zawo si zopanda pake.

Yoyamba ndi yakuti kusunga mpira sikumwetsa chigoli. N'zoona. Spain yomweyo idatulutsidwa ndi Russia pamapenote mu World Cup ya 2018 itapatsirana mpira koposa ka 1,000. Zidachitikanso ku Qatar pa 6 December 2022: mapasi oposa 1,000, mphindi 120 popanda chigoli, kenaka mapenote atatu onse kuphonya, imodzi mwa iyo ya Busquets yemweyo. Amene adaitulutsa ndi Morocco, ndipo penote yomaliza adamwetsa ndi Hakimi uja adatiliza ku Yaoundé. Inter ya José Mourinho idatulutsa Barcelona mu 2010 posewera ndi anthu 10 kumbuyo kwa mpira, ndipo Chelsea idachita chimodzimodzi mu 2012. Kupatsirana kopanda cholinga, kochoka kumanja kupita kumanzere n'kubwereranso, ndi ulesi wovala suti.

Koma tiyeni tiyang'anitsitse Morocco ya ku Qatar ija. Idalibe mpira nthawi yambiri, inde. Koma ikaulanda sinkabutsa. Sofyan Amrabat ndi Azzedine Ounahi ankatuluka nawo pakati pa adani atatu mitu ili m'mwamba, mpaka kochi wa Spain, Luis Enrique, adayamikira Ounahi pamaso pa atolankhani masewero atatha. Morocco idakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika semifainolo ya World Cup chifukwa idali ndi osewera odekha, osati chifukwa idali ndi osewera obutsa. Choncho nkhani yathu si ya kuchuluka kwa mapasi. Nkhani ndi yakuti wosewera akhale ndi ufulu wosankha. Amene amatha kusunga mpira angathe kusankha kuponya wautali pamene waona mnzake ali yekha kutsogolo. Amene satha kusunga alibe chosankha, amangotaya. Nayo Spain itaphunzira phunziro lake idatenga chikho cha Euro 2024 pophatikiza kudekha kwa Rodri pakati ndi liwiro la Lamine Yamal ndi Nico Williams m'mapiko.

Mfundo yachiwiri ndi ya mabwalo, ndipo iyi ndi yolemera. Kupatula mabwalo ochepa monga Bingu National Stadium, imene idatsegulidwa mu 2017, ndi ena a m'mizinda, mpira wathu umaseweredwa pamalo okhala ndi zitsotso za udzu, miyala, tinjira ta anthu opita kuchigayo, nthawi zina ndi chulu pakona. Pabwalo lotere mpira umadumpha ngati chule, ndipo wotchinga kumbuyo amene akufuna kuukhazika pansi akhoza kuchititsa manyazi mudzi wonse. Sitikukana.

Koma tifunse: kodi mpira wachikulunga, uja ana amamanga ndi mapepala a pulasitiki ndi luzi, amasewera pakapeti? Pitani kuseri kwa msika madzulo mukaone tiana ta zaka 8 tikusewera anayi anayi pakati pa nyumba ziwiri, magolo ali njerwa. Timapatsirana pafupipafupi, timadyetsana njomba, timagwiritsa ntchito khoma, palibe kamene kamabutsa chifukwa kakabutsa mpira ukagwera m'mbale za eni ake. Luso limakhalapo. Limafa tsiku limene mwanayo wavala jezi, waikidwa pabwalo la akuluakulu la mamita 100, ndipo akuluakulu aima m'mbali n'kuyamba kukuwa. Bwalo loipa limavutitsa, koma chimene chimapha luso ndi mantha.

Ndipo tisamayankhule ngati kuti kudekha ndi chinthu cha azungu. Achikulire amene adaona Ernest Mtawali ali pachimake akudziwa kuti dziko lino lidabalapo wosewera wapakati amene mpira unkamumvera ngati mwana wake. Luso limenelo lidamutengera ku Bloemfontein Celtic, ku Mamelodi Sundowns mpaka ku Toulouse m'dziko la France. Sundowns yomweyo idatchuka kuyambira zaka za m'ma 1980, pansi pa Stanley Tshabalala, ndi mpira wopatsirana pafupipafupi, ndipo sidautaye mwambowo mpaka idatenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2016 ndi Pitso Mosimane. Joseph Kamwendo, munthu wamfupi ndithu, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, asadapite ku Orlando Pirates ndi TP Mazembe. Peter Mponda ankatchinga kumbuyo mutu uli m'mwamba. Anthu amenewa adakulira pamabwalo omwewa a fumbi. Vuto ndi lakuti timawapeza mwangozi, mmodzi pazaka khumi, m'malo mowaumba dala.

Chitsanzo china chili m'nyumba mwathu momwe, ndipo amayi akuchidziwa bwino kuposa abambo. Timu ya ntchemberembaye ya Queens yakhala ikulimbana ndi matimu a atsikana ataliatali a ku Australia, England ndi New Zealand. Siyesa kupikisana nawo m'mwamba. Imadziwika ndi mapasi aafupi, kubwerera m'mbuyo ngati kutsogolo kwatsekeka, ndi kusunga mpira mpaka mpata utapezeka, ngakhale lamulo limalola wosewera kugwira mpira masekondi atatu okha. Ndi njira imeneyi idamaliza pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007, ndipo mu 2018 idagonjetsa New Zealand 57-53 pa Commonwealth Games ku Gold Coast. Palibe amene amakuwira mtsikana wa netibo kuti "taya kutsogolo!" Aliyense amadziwa kuti kutaya mpira n'kupereka chigoli. Chifukwa chiyani nzeru yomweyi imatithawa tikawoloka kupita kubwalo la anyamata?

Nawo malamulo a mpira adasintha kalekale mokomera odekha. Kuyambira 1992 goloboyi saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi, choncho goloboyi wosatha kusewera ndi mapazi ndi chiopsezo kutimu yake. Kuyambira 2019, pomenya golokiki, mpira sufunikanso kutuluka m'bokosi kuti mnzako aukhudze, ndipo matimu ambiri padziko lapansi amayambira pomwepo kupatsirana. Makalabu akunja akamafuna wotchinga kumbuyo masiku ano amayang'ana kaye ngati amatha kulandira mpira mdani ali pamsana. Mnyamata amene tamuphunzitsa kubutsa kokha tamutsekera tokha khomo la ku South Africa, la ku Tanzania ndi la ku Ulaya, kumene mpira umasintha moyo wa banja lonse.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza khomo lililonse. Mwana amene akukuwiridwa lero ndi wanu.

Tikudziwa chimene chimachititsa. M'madera mwathu mpira waukulu ndi wa mabonanza ndi zikho zimene amakhazikitsa andale ndi amalonda. Pamakhala ndalama, mbuzi kapena yunifomu, ndipo wogonja kamodzi watuluka. Kochi amene akufuna mphothoyo alibe nthawi yophunzitsa. Amasankha anyamata akuluakulu matupi, ena a ndevu zometa bwino m'timu ya ana, amaika wothamanga mmodzi kutsogolo, ndipo ena onse amawauza kuti azingoponya. Kamnyamata kanzeru koma kochepa thupi kamakhala panja kakusunga masilipasi a anzake. Timuyo imatenga mbuzi, mudzi umavina, ndipo palibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene waphunzirapo kanthu.

Sitikuti mabonanza athe. Amasangalatsa anthu ndipo amachotsa achinyamata kumowa. Koma amene amaika ndalama zawo m'zikhozi angathe kuchita chinthu chimodzi chotsika mtengo: fainolo isadayambe, pakhale masewero a ana osapitirira zaka 12, asanu asanu kapena asanu ndi awiri mbali iliyonse, pabwalo lodulidwa pakati, ndipo mphotho yake ikhale mipira. Pabwalo laling'ono mwana amakhudza mpira kambirimbiri kuposa pabwalo lalikulu, pomwe ena amatha chigawo chonse osaugunda. Ndipo timu imene ili ndi mpira umodzi wokha singaphunzitse ana 25 kulandira mpira. Mipira isanu ingathandize timu ya kumudzi kuposa chikho chonyezimira chokakhala pawindo la apampando.

Kwa aphunzitsi a zamasewero m'sukulu zathu, pempho lathu ndi la mphindi 15. M'malo moyamba ndi kuthamangitsa ana kuzungulira bwalo kakhumi, agaweni m'magulu a asanu ndi awiri, jambulani mabwalo ang'onoang'ono ndi phulusa, awiri alowe pakati. Poyamba aloleni kukhudza katatu, kenaka kawiri. Muziwafunsa mwana asadalandire mpira kuti kumbuyo kwake kuli ndani. Adzalephera sabata yoyamba ndi yachiwiri. Pakutha pa teremu mudzaona kusintha. Kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono; wosewera wa zaka 24 amene wafika kale ku Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers mungamuonjezere mphamvu ndi mpweya, koma khosi limene silidazolowere kutembenuka silidzayamba pamsinkhu umenewo.

Bungwe la FAM nalo lionetsetse kuti maphunziro a makochi a ana akufika m'maboma ndi m'mazoni a sukulu, osathera m'mizinda ikuluikulu. Kochi wa Flames, kaya akhale wakuda kaya mzungu, amakhala ndi osewera masiku ochepa masewero asadachitike. Sangaphunzitse m'masiku asanu chimene chidalephereka m'zaka 15. Takhala tikusintha makochi a timu ya dziko ngati malaya, koma amene amaumba wosewera weniweni ndi mphunzitsi wa ku pulaimale ndi mkulu wongodzipereka wa timu ya m'dera, ndipo awiriwa ndi amene sitiwayang'ana n'komwe.

Gawo lovuta kwambiri ndi lathu ochemerera. Mwana amene akuphunzira kusunga mpira adzautaya, ndipo tsiku lina adzautaya pafupi ndi golo lake, timu n'kuchinyidwa. Zimenezi zidawachitikira onse amene timawatama pa TV. Chimene chimachitika m'mphindi yotsatira ndicho chimaweruza tsogolo lake. Akamva bambo ake omwe akumutukwana pagulu, kapena kochi akamutulutsa nthawi yomweyo, sadzayesanso. Adzakhala wobutsa wodalirika moyo wake wonse, ndipo adzathera pomwepo. Koma akamva mawu amodzi okha akuti "unaganiza bwino, yang'ana msanga ulendo wina," adzabwerera kukafunanso mpira.

Masewero a ana a zaka 11 alibe mapointi a Super League. Kugonja 3-0 pamsinkhu umenewo sikuchotsa munthu ntchito ndipo sikugwetsa timu m'ligi. Mawa masana, kamwana kovala jezi yofika m'mawondo kakaponda mpira kumbuyo n'kudzutsa mutu kufunafuna mnzake, tikupempha abambo ndi amalume amene aima m'mbali mwa bwalo kuti augwire mtima masekondi awiri okha, aone chimene kachite.